Ku Varanasi pa galimoto yahayala: tiyendetse tokha kapena titenge dalaivala?

Wapaulendo:
Moni nonse. Ine ndi bambo akunyumba tikupita ku Varanasi, mzinda wa ku India, mu Novembala, masiku atatu. Iwo akuumirira kuti tibwereke galimoto pabwalo la ndege aziyendetsa okha. Ine mtima suli m'malo. Tikufuna kukaona kachisi wa Ahindu wa Kashi Vishwanath ndi mwambo wa nyali wamadzulo pa Dashashwamedh Ghat, masitepe otsikira ku mtsinje wa Ganga. Alipo anafikako?

Mkulu wa ndevu:
Mayi, bambowo asadzivute. Ine ndinayesa, ndinatuluka thukuta tsiku loyamba lomwe. Ng'ombe, njinga zamoto, marikisho (njinga za mateyala atatu zonyamula anthu), onse pamsewu umodzi, hutala kulira osaleka. Kufupi ndi mtsinje wa Ganga tinjira take n'topanikizana moti galimoto silowa n'komwe. Mumatsikira cha pamphambano ya Godowlia n'kumayenda wapansi. Tengani galimoto yokhala ndi dalaivala, mugwirizane mtengo wa marupi (ndalama za ku India) musanakwere. Foni musalowe nayo m'kachisi, pali malo osungitsa katundu panja.

Mlendo wachiwiri:
Galimoto imagwira ntchito mukafuna kutuluka mumzinda. Sarnath, komwe Buddha anaphunzitsa koyamba, ndi makilomita pafupifupi 10 basi. Ife tinafikanso ku Prayagraj, komwe Ganga amakumana ndi Yamuna. Koma ku Varanasi komweko m'mawa kwambiri kwerani bwato pa Ganga, muone anthu akusamba dzuwa likutuluka. Pa Manikarnika Ghat, m'mbali mwa mtsinjewo, amawotcha mitembo, kamera muibise ndithu.

Wapaulendo:
Zikomo kwambiri. Ndawawerengera bambo, angoseka, akuti dalaivala ndimulipire ine.