Kodi buku langa la nkhani zazifupi ndipite nalo kuti?

Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Ndili kuno ku Zomba, ndamaliza kulemba buku la nkhani zazifupi m'Chichewa, koma langokhala mu fulashi.

Kodi ulipo mndandanda wa makampani osindikiza mabuku m'Malawi muno, wonena kuti awa amalandira nkhani zopeka, awa amangofuna mabuku a sukulu? A Kachere ndimawadziwira mabuku a zachipembedzo ndi mbiri, pomwe a MIE (Malawi Institute of Education) ku Domasi nkhani yawo ndi ya silabasi. Nanga ife olemba nthano m'chinenero chathu? Kapena a MAWU, bungwe la alembi m'Malawi muno, amasunga mndandanda wotere?

Ndikati ndisindikize ndekha, ndiyambe kukatenga ISBN (nambala yozindikiritsa buku) ku National Archives kapena kukalembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso? Amene munasainirapo mgwirizano ndi osindikiza, chonde ndiuzeni zoti ndisamale nazo pa nkhani ya malipiro.