Ndalama zoyendera ophunzira oyeserera uphunzitsi zachepa, tichite bwanji?

Woyang'anira zoyeserera uphunzitsi:
Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru. Ophunzira athu atsala pang'ono kupita kumasekondale kukayeserera uphunzitsi, koma ndalama zimene boma limapereka kusukulu yathu yaukachenjede zadulidwa, moti za mafuta a galimoto ndi alawansi ya owayendera sizikwanira. Kale tinkawamwaza kuyambira ku Chitipa mpaka ku Mzimba, ndipo aliyense ankayenderedwa kangapo. Chikundiwawa n'chakuti fizi yakwera, ndiye kholo limene lagulitsa mbuzi kuti lilipire silingamvetse likamva kuti palibe amene anapita kukamuona mwana wake ali pabolodi.

Mphunzitsi wa masamu:
Bambo, tiwasonkhanitse m'masukulu a muno mu Mzuzu, ku Ekwendeni ndi ena a mumsewu wa M1, kuti galimoto imodzi izinyamula aphunzitsi anayi n'kubwerera tsiku lomwelo popanda wogona kunja.

Wowerengera ndalama:
Ndikugwirizana nazo, komanso ndifotokozeko chifukwa chake kukwera kwa fizi sikunatipepuze. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta, mapepala ndi zipangizo za mulabotale zinakwera nthawi imodzi, pamene fizi imalowa pang'onopang'ono, chifukwa ambiri amadikira ngongole ya boma ndipo ena amalipira mayeso atayandikira. Mundibweretsere dongosolo la ulendo uliwonse, makilomita ndi masiku ake, teremu isanayambe, popeza pempho lokhala ndi manambala ndi limene limamveka msanga kukomiti ya zachuma.

Mphunzitsi wa zilankhulo:
Pepani akuluakulu, ine ndikuona vuto. Nyumba za lendi mu Mzuzu n'zodula, ndipo wophunzira wa ku Karonga amene akanadya nsima ya kwawo pa nthawi imeneyi tikumusenzetsa mtolo umene ife tathawa. Masukulu akumidzi, kumene aphunzitsi a sayansi ndi ochepa, nawonso amadalira ana amenewa. Bwanji ochokera kutali tiwalole akaphunzitse kufupi ndi kwawo, koma tiwaike atatu kapena anayi pasukulu imodzi, ndipo mphunzitsi wodziwa ntchito wa pomwepo aziwayang'anira pogwiritsa ntchito fomu yathu yoperekera malikisi?

Woyang'anira zoyeserera uphunzitsi:
Zikomo Mayi, za lendi sindinaziganizire. Ndigawa ophunzira m'magulu awiri monga mwanenera: a pafupi tiziwayendera ndi galimoto imodzi, a kutali tikawaone kamodzi tokha, kwinako atithandize aphunzitsi a komweko. Mawa ndilembera aphunzitsi aakulu a masukuluwo, ndipo dongosolo la maulendo lifika ku ofesi ya zachuma Lachisanu.