Timaluwa topanda dothi tikundifera m'manja, thandizeni

Bambo a Chikondi, Nchalo: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Pamalo ogona alendo pomwe ndimasamalira maluwa, abwana anabweretsa timaluwa 12 kuchokera ku Blantyre, tija timakhala popanda dothi, amati Tillandsia. Milungu itatu yokha, tinayi tapita. Tiwiri tinada kunsi, nditangokoka tsamba lapakati, konse kanasasuka ngati kabichi wowola. Totsalato nsonga zapsa, masamba apindika. Abwana sakunena kanthu koma nkhope ikuonetsa. Ntchito yanga ndi yomweyi.

Mayi Nabanda, Ngabu: Pepani achimwene. Tatiuzani kaye, mumathirira nthawi yanji, madzi ake ochokera kuti, ndipo mwatiika m'chiyani?

Bambo a Chikondi: Ndimathira ndi kapu madzulo aliwonse ndikamaweruka, madzi apamjigo. Tina tili m'mabotolo agalasi, tina ndinamangirira pachipika ndi waya wofiira wa m'nthambo yamagetsi. Masamba ali ndi zoyerayera ngati phulusa, ndakhala ndikupukuta ndi kansalu.

Mphwanu wa pa Dyeratu: Ine ndikuona ngati ndi njala. Chomera chingakhale bwanji popanda dothi? Tadzalani m'machubu, muike manyowa a mbuzi.

Mayi Nabanda: Ayi mwanawe, akatero timaluwa tonse tiwola sabata lomwelo. Mbewu imeneyi ndi m'bale wake wa chinanazi, kwawo ndi ku Mexico ndi maiko a ku Central ndi South America, kumene imamera panthambi za mitengo ndi pamiyala. Mizu yake ntchito yake ndi kugwirira basi. Kumwa ndi kudya imachita ndi masamba. Ndiye achimwene, zoyerayera mukupukutazo ndiye pakamwa pake. Ndi timamba ting'onoting'ono tokoka madzi, ndipo tikachoka sitimeranso patsambalo. Kansaluko kasiyeni lero lomwe.

A Phiri, Chikwawa Boma: Mayi anena zoona. Ine ndiima pa madzi, chifukwa ndi amene amatipweteka kuno kuchigwa. Talawani madzi a mjigo wanuwo. Mijigo yambiri ya kuno madzi ake ndi amchere, tonse tikudziwa mmene sopo amakanira thovu. Duwa la m'dothi limapirirako chifukwa dothi limagwira zina, koma ili mcherewo umaumira patsamba penipeni, kutseka timamba tija. Mumathirira tsiku ndi tsiku koma duwalo likufa ndi ludzu. Nsonga zopsazo ndi zimenezo, kuphatikiza kutentha kwa Okutobala uno. Timaluwati timasangalala pakati pa madigiri 10 ndi 32, pomwe ife masana tikudutsa 40.

Bambo a Chikondi: Ndiye ndiziphitsa madziwo kaye?

A Phiri: Musaphitse. Madzi ndi amene amauluka, mchere umatsala, ndiye mwangowonjezera ukali. Abwino koposa ndi amvula. Ikayamba, yoyamba ija isiyeni itsuke malata, yotsatira musunge m'zigubu zotseka. Pakadali pano tengani a mu Shire, adikhe usiku wonse, musefe. Koma chonde katungeni pamene anthu amatunga kale, ng'ona sizidziwa kuti mwadzera maluwa. Apo ayi auzeni abwana agule madzi a m'botolo, timaluwa 8 sitimwa ochuluka.

Mayi Nabanda: Tiwiri tinada kunsi tija tinafa ndi madzi ogona pamtima. Mumathira madzulo, madzi n'kukhala pakati pa masamba, m'botolo mopanda mphepo. Komanso mbewu iyi imapuma usiku, masana imatseka timabowo take kuti isataye madzi. Ikagona yonyowa imabanika. Ine ndimachita m'mawa. Ndimamiza tonse m'beseni mphindi 20 mpaka 30, ndikatulutsa ndimakutumula, kenako ndimagoneka chozondotsa palichero pamthunzi podutsa mphepo. Pasanathe maola 4 tikhale tauma mpaka mkati, ndiye tibwerere pamalo pake. Mabuku amati kamodzi pasabata, koma ndi kutentha kwathu kuno ine ndimamiza kawiri mpaka mvula itagwa.

Achimwene a ku Bangula: Palibe wanena za waya uja. Umenewo ndi mkuwa, ndipo mkuwa ndi poizoni ku mbewu zonse za banja la chinanazi. Masulani, mumange ndi twaini ya asodzi, osathinitsa.

Mphwanu wa pa Dyeratu: Ndaphunzirapo, akulu. Nanga feteleza ayi ndithu?

A Phiri: Pang'ono zedi, wosungunula m'madzi omiziramo, gawo limodzi la magawo anayi a muyezo wolembedwa, kamodzi pamwezi. Wa yureya ayi, amafuna tizilombo ta m'dothi kuti agwire ntchito. Ndipo todwalati tisapatsidwe kanthu mpaka titatsitsimuka.

Bambo a Chikondi: Zikomo kwambiri nonse. Waya ndamasula, mabotolo ndachotsa, ndasamutsira pakhonde la kum'mawa pomwe dzuwa limangofika mamawa. Koma pali kamodzi masamba ake apakati afiira psuu. Kameneka kakupsanso?

Mayi Nabanda: Tumizani chithunzi. Ngati kali kolimba kunsi, ndi mtundu wa ionantha umenewo, umafiira ukafuna kutulutsa duwa lapepo. Pomiza, duwalo lisalowe m'madzi. Kamachita maluwa kamodzi kokha moyo wake wonse, kenako kamabereka tiana m'mbali. Musathamangire kuthothola, dikirani mwana afike theka la mayi wake.

Bambo a Chikondi: Kunsi n'kolimba ndithu, mayi. Chithunzi chikubwera, netiweki ikuvuta. Mawa ndilawirira kudooko ndi chigubu.