Nyali za Hilux zikuwala mofooka ngakhale nditasintha mababu

Wamagetsi wa pa Kasungu boma: Akuluakulu, ndili ndi Hilux yakale ya bambo wina amene amayenda usiku m'misewu yafumbi ya ku Chulu, ndipo akudandaula kuti maenje amawaona atawafika kale. Ndinachotsa mababu a H4 a 60/55W n'kuikamo a 100/90W, koma kuwala sikunasinthe kwenikweni, ndipo soketi ya kumanzere yayamba kusungunuka.

Mkulu wa galaja ya ku Santhe: Achimwene, musanagule babu lina, lizani injini, yatsani nyali, ndipo muyeze ndi mita pa batire kenako pamiyendo ya babu.

Wamagetsi wa pa boma: Ndayeza, bambo. Pa batire pali 14.1V, pa babu 12.3V.

Mkulu wa ku Santhe: Vuto lili pamenepo. Moto ukuthera m'njira, chifukwa ukudutsa m'mawaya opyapyala okalamba, m'swichi ya pachiwongolero ndi m'malumikizo adzimbiri, ndipo babu la halogen likaperewera chotere limataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kwake. Babu la 100W limakoka pafupifupi 8A, kotero mwangoonjezera katundu pamsana wotopa kale. Ikani ma relay awiri (timaswichi todzutsidwa ndi moto wochepa kuti tidutsitse moto wambiri), ina ya dimu ina ya fulu. Tengani moto pa batire ndi waya wa 4mm², fyuzi ikhale pafupi ndi batire penipeni, mulowetse pa mwendo wa relay wolembedwa 30 n'kutulutsa pa 87 kupita ku mababu, ndipo mawaya akale angotsala ndi ntchito yodzutsa relay pa 85 ndi 86. Earth (waya wa negative) ya babu lililonse mumange pachitsulo chopalidwa bwino. Ine ndikanabwezeretsa a 60/55W, koma mwini wake akaumirira a 100/90W, soketi zikhale za ceramic, zosasungunuka ndi kutentha.

Mnzathu wa ku Nkhamenya: Ndionjezereko pang'ono, bambo. Toyota zambiri zakale zimadula earth osati positive, choncho mukamanga 85 ku bodi monga timachitira pa galimoto zina, dimu ndi fulu zidzasokonekera. Miyendo iwiri yodzutsira relay muitenge pa soketi yakale yomweyo. Muonenso kanyali kabuluu ka pa dashibodi kosonyeza fulu, chifukwa pa zina kamasiya kuyaka babu likachoka pa waya wakale.

Wamagetsi wa pa boma: Zikomo, akuluakulu. Ndaika ma relay, ndabwezeretsa a 60/55W ndipo tsopano pa babu pakufika 13.8V. Kanyali kabuluu kasiyadi kuyaka, ndiye mawa m'mawa ndiyambira pamenepo, kenako madzulo ndidzalunjika nyali pakhoma kuti zisamathobwe m'maso oyendetsa anzawo akalowa mu M1.