Zitheba zija ndaziika mufiriji

Ndinafunsa muja ngati zitheba za m'dimba zingasungike m'mabotolo pongowiritsa mabotolowo m'madzi, monga timachitira ndi jamu. Ambiri munandiletsa, ndipo ndikukuthokozani kwambiri.

Nkhani yagona pa asidi. Zitheba, chimanga ndi nyama zili ndi asidi wochepa, ndiye tizilombo ta Clostridium botulinum sitifa m'madzi owira pa madigiri 100. Tikatsekeredwa m'botolo mopanda mpweya, timatulutsa poizoni wakupha. Chimene chandiopsa kwambiri n'chakuti chakudyacho chimatha kuoneka bwinobwino, osanunkha n'komwe. Kuti tizilomboti tife pamafunika madigiri pafupifupi 116, ndipo kutentha kumeneku kumatheka mu pressure canner, poto wapadera wotsekeka kwambiri wowiritsira mabotolo ndi mphamvu ya nthunzi. Ine ndilibe.

Choncho zitheba zija ndinazidula, n'kuziviika m'madzi owira kwa mphindi 3, kenaka m'madzi ozizira kwambiri, n'kuziyala pansalu kuti ziume. Apa musapupulume ayi. Zikalowa m'thumba zili zonyowa zimagwirana n'kukhala chibuma cha ayezi. Ndinafinya mpweya m'matumba, n'kulembapo tsiku, n'kuwaika mufiriji youmitsa chakudya (freezer), imene ili pa madigiri -18. Thumba limene ndaphikako linatuluka ndi zitheba zobiriwira, zosafewa kwambiri.

M'mabotolo ndaikamo matimati okha, ndi masupuni 2 akuluakulu a madzi a mandimu ogula m'botolo pa lita iliyonse, popeza matimati ena asidi wawo amachepa. Zivundikiro zonse zagwira, ukadina pakati sizibonthoka.

Nyama ya m'tchire imene ndikuyembekezera nayonso ilowa mufiriji kufikira nditapeza pressure canner.