Kodi matikiti okaonera fakitale ya wisiki ku Ireland n'ngoyenera kugulira ana?

Nambewe: Abale, ndithandizeni maganizo. Banja la anthu anayi, ana azaka 6 ndi 11, masiku atatu ku Dublin. Tigule matikiti a Jameson ku Bow Street, kapena n'kutaya ndalama?

Achisale: Ngati mukuganizira ana, ku Bow Street ayi, mayi. Pamalopo anasiya kutcheza wisiki m'zaka za m'ma 1970 ndipo ntchito yonse inasamukira ku Midleton. Chatsala ndi nyumba yakale ya fakitale yomwe inayamba mu 1780, zithunzi, wofotokozera alendo, kenako kulawa. Ulendo wonse ndi mphindi 40 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo chimake ndi kulawako. Wosakwana zaka 18 salawa, amangopatsidwa chakumwa chozizilitsa kukhosi. Wazaka 6 azingosuzumira matambula a eni ake.

Gama wa ku Cork: Achisale anena zoona, koma asakutayitseni mtima. Pitani ku Midleton, ku County Cork. Kumeneko ana amayenda panja, kuchoka nyumba ina kulowa ina, osati kukhala m'chipinda chimodzi. Fakitale yakaleyo ndi ya mu 1825. Kuli gudumu lachitsulo loyendera madzi la mu 1852, komanso m'phika wamkuwa wotchezera wolowa malita pafupifupi 140,000. Mwana akaima pambali pake amaoneka ngati nyerere. Sitima yochokera pa Kent Station mu Cork imatenga mphindi zosakwana 30. Pobwerera tsikani pa Glounthaune, mukwere ya ku Cobh, mutsike pa Fota pomwe pali malo osungira nyama zakutchire. Tsikulo aliyense wapezapo chake.

Nambewe: Koma masiku ndi atatu okha, bambo Gama. Ku Cork si pafupi.

Gama wa ku Cork: Pa sitima ndi maola awiri ndi theka kuchokera pa siteshoni ya Heuston mu Dublin. Tsiku limodzi lathunthu lipita ndithu, nyamukani m'mamawa.

Anaphiri: Mu Dublin momwemo muli Teeling, ku Newmarket, yomwe inatsegulidwa mu 2015, ndipo kumeneko amatchezadi. Wazaka 11 angaphunzirepo kanthu. Aona balere ndi chimera chake akuzisakaniza ndi madzi otentha, madzi otsekemerawo akuwira ndi yisiti m'mathanki kwa masiku angapo, kenako kutcheza katatu m'miphika itatu yamkuwa yomwe anaipatsa mayina: Alison, Natalie ndi Rebecca. Amene anaonapo kachasu akutchezedwa sangadabwe, nzeru yake ndi yomweyo: nthunzi ikwere, izizire mu paipi, idonthe. Ngakhale mutu amaupatula, satenga zoyamba kudontha kapena zomalizira, amangosunga zapakati. Kusiyana n'kwakuti lamulo la ku Ireland limati zikhale mu mgolo wamtengo zaka zosachepera zitatu zisanatchedwe wisiki.

Vuto lake ndi kutentha ndi fungo. Chipinda cha miphika chimatentha, fungo la phala lowira ndi lamphamvu, ndipo ana ena limawachititsa nseru. Avuleni majekete musanalowe, ndipo asalowe ndi njala.

Achisale: Ndiye mwandivomereza, Anaphiri. Wamkuluyo inde, wamng'onoyo mukumuvutitsa chabe. Mtengo wa tikiti ya wamkulu muli kale wisiki wolawa. Ngati kholo limodzi silimwa chifukwa likuyang'anira mwana, mwalipira zomwe simunadye.

Anaphiri: Njira ilipo: gawanani. Kholo limodzi lilowe ndi wazaka 11, lina litsale ndi wamng'ono ku kafe. Matikiti awiri m'malo mwa anayi.

Mwale: Wina asakunamizeni za fakitale ya wisiki ya Bushmills poti ili pafupi ndi Giant's Causeway, miyala yotchuka ya m'mbali mwa nyanja yomwe alendo amakaona. Kumeneko ana osakwana zaka 8 saloledwa kulowa nawo m'fakitale, ndiye wanu wazaka 6 abwezedwa pakhomo. Chachiwiri, Bushmills ili ku Northern Ireland, dera la UK. Wa pasipoti ya Malawi, viza ya Ireland siimufikitsa kumeneko, pamafunika ya UK payokha, ngakhale pamalire palibe chipata. Ndalamanso ndi mapaundi, osati mayuro.

Gama wa ku Cork: Ndiwonjezere za galimoto ya hayala. Mlingo wololedwa kwa dalaivala ndi mamiligalamu 50 pa mamililita 100 a magazi. Wisiki satsika pa 40 peresenti, ndipo timatambula titatu tolawa pamodzi ndi chakumwa chomalizira zikhoza kukufikitsani pamenepo. N'chifukwa chake ndikukakamira sitima.

Nambewe: Nthawi yabwino ndi iti?

Anaphiri: Ulendo woyamba wam'mawa, pakati pa sabata. Loweruka masana kumadzaza magulu a anyamata operekeza mnzawo ku ukwati, phokoso lake si la ana. Gulani pa intaneti, ndipo musanalipire werengani pomwe alemba za msinkhu wa ana, poti maulendo odula olawa wisiki wambiri kapena osakaniza zakumwa ndi a akuluakulu okhaokha.

Achisale: Ine ndikadali pomwepo: wazaka 6 musamugulire.

Nambewe: Ndamva. Tigula awiri a ku Teeling, wamng'ono atsale ndi bambo ake. Zikomo nonse.