Learner's ya njinga yamoto ndiyambire pati, mwini njinga sakudikira

Yamikani: Akuluakulu pepani, ndalowa ndi vuto m'mawa uno. Ndapeza mwayi wa delivery koma mwini njinga akuti ndionetse kaye learner's, laisensi ya wophunzira, apo ayi mwezi ukatha aipereka kwa wina. Ine ndili ndi laisensi ya galimoto ya kumudzi, Code B. Imeneyi singagwire? Ngati singagwire ndiyambire pati? Ndili ku Turffontein, ku Joni kuno.

Gift Boxer: Njinga yake ndi yanji?

Yamikani: Boxer 150 achimwene.

Gift Boxer: Ndiye wadya bwino aise. Imeneyo mafuta imangonunkhiza. Uzingoona tcheni, imakhwepa msanga ndi mabampu a ku Joni kuno.

Kondwani Tembisa: Boxer ndi njinga ya agogo. Tenga Big Boy, masipeya ali paliponse.

Gift Boxer: Masipeya ali paliponse chifukwa imafa paliponse kkkkk

Bambo a Tadala: Mwana wafunsa za pepala, inu mwayamba kugulitsa njinga.

Madala Phiri: Laisensi ya ku Malawi imagwira kuno, ndi ya SADC. Ine ndayendera yomweyo zaka zonsezi, palibe wandigwira. Asakudyereni ndalama.

Che Jafali: A Phiri, inu mumayendetsa bakkie. Laisensi yakwathu imagwiradi ngati sinathe masiku, koma imagwira pa zimene zinalembedwapo. B ndi galimoto. Njinga yamoto ndi A kapena A1. Mwanayu akaimitsidwa ali pa Boxer n'kutulutsa B, kwa a traffic ndi munthu wopanda laisensi, basi. Ndipo akagundana ndi munthu, a inshuwalansi adzangoona khadilo n'kutseka faelo.

Madala Phiri: Ine ndikunena zomwe ndaona.

Che Jafali: Nanenso. Yamikani mwanawe, tamvera. Usanaganize za mayeso, funso loyamba ndi lakuti uli ndi Traffic Register? Ife obwera tilibe ID ya kuno, ndiye kompyuta yawo ya NaTIS imatidziwa ndi nambala imeneyo. Popanda iyo sungabukitse chilichonse. Umakaitenga ku ofesi ya licensing, fomu yake ndi ANR. Tenga pasipoti, pepala lokuloleza kukhala m'dziko muno, zithunzi, ndi umboni wa komwe ukukhala. Ngati ukukhala m'chipinda cha kuseri ndipo bilu ili m'dzina la landilodi, iyeyo alembe affidavit yoti umakhala pamenepo, mukadinditse ku polisi, uphatikize ndi biluyo. Ambiri amabwezedwa pa kapepala kameneka, osati pa mayeso.

Yamikani: Traffic Register ndilibe. Imatuluka tsiku lomwelo?

Kondwani Tembisa: Anasiya kupereka kwa ma foreigner. Kuyambira mwezi wamawa aliyense wa delivery akhale wa kuno. Ndamva pa voice note.

Chisomo Randburg: Voice note imeneyo yakhala ikunena "mwezi wamawa" kuchokera nthawi ya Covid. Mnzanga watenga yake posachedwapa. Chomwe chilipo n'chakuti amaona mapepala ako ngati ali amoyo, ndipo kutuluka kwake kumasiyana, ena msanga ena amadikira ndithu. Yamikani, masiku ako mu pasipoti ali bwanji? Usayankhe pagulu, ungodzifunsa wekha.

Aunt Loveness: Anthu inu mukundikumbutsa maliro a chaka chatha. Tinasonkha pano pomwe kuti thupi lipite ku Mangochi, mwana wa zaka zochepa, njinga yomweyi. Ine ndikamva "delivery" mtima umandithawa. Kulibe ntchito ya garden?

Gift Boxer: Aunt, garden masiku awiri pa sabata ndalama yake ikwana lendi? Njala nayo imapha.

Aunt Loveness: Njala imapha pang'onopang'ono, mayi ako amakhala atakuonako pa video call.

Bambo a Tadala: Aunt akunena zoona, koma mwana wasankha kale. Timuthandize alowe bwino.

Chisomo Randburg: Chabwino. Ukapeza nambala ija, ku Gauteng kuno umabukitsa pa intaneti, pa NaTIS, n'kusankha malo. Kwa iwe Langlaagte ndiye pafupi, koma usakakamire malo amodzi, ona Randburg, Roodepoort, Midrand, kulikonse komwe deti yayandikira. Fomu ndi LL1. Usankhe Code 1, ndiyo ya njinga. Code 2 ndi galimoto yaing'ono, Code 3 ndi zikuluzikulu. Amakuyeza maso pomwepo, kapena ubwere ndi pepala la kwa oyeza maso. Ngati umavala magalasi usawasiye kunyumba chifukwa cha manyazi. Ndalama ndi ziwiri, ya booking ndi ina yotulutsira pepala ukakhoza, zonse umalipira pa kauntala n'kulandira lisiti.

Stevie wa Yeoville: Zonsezo ndi kutaya nthawi. Ndili ndi munthu wa m'kati. R2500, sulemba n'komwe, umangokhala pa mpando. Yamikani ndipeze ku inbox.

Che Jafali: Stevie, chotsa uthengawo.

Stevie wa Yeoville: Ndikuthandiza m'bale wathu.

Che Jafali: "Munthu wa m'kati" wakoyo ndi amene amaima panja pa geti ndi bolopeni. Ndikudziwa mnyamata wina wa ku Machinga analipira chonchi, anamupatsa pepala lokongola, la sitampa. Tsiku lomwe anamuimitsa pa roadblock apolisi analowetsa nambala mu kamakina kawo, dzina silinatuluke. Mlandu unasintha, sunalinso wa kusowa laisensi koma wa pepala lachinyengo, ndipo atayamba kufufuza anafika mpaka pa pasipoti. Pano akulima kwawo.

Gift Boxer: Akulima kwawo koma akudya nsima ya mgaiwa weniweni. Ife kuno tikudya pap yoyera ngati choko, ukadya 1 koloko 3 koloko njala.

Aunt Loveness: Usandiyambitse. Panopa kwathu mango ayamba, ana akungotola pansi. Kuno limodzi umagula ngati nyama.

Kondwani Tembisa: Ndani akubwera ndi basi sabata ino? Ndikufuna usipa ndi kambuzi.

Bambo a Tadala: Za katundu zili ndi gulu lake. Stevie, chenjezo lomaliza.

Yamikani: Pepani, ndiye mayesowo amafunsa chani? Njinga ndizipita nayo?

Chisomo Randburg: Ayi, learner's ndi ya mutu basi, njinga suikhudza n'komwe. Mafunso osankha yankho, malo ambiri pano ndi pa kompyuta. Zigawo zitatu: malamulo a pamsewu, zikwangwani ndi mizere, kenako ziwalo za njinga, pomwe amakuonetsa chithunzi chokhala ndi manambala n'kufunsa kuti kalachi ndi iti, buleki ya kutsogolo ndi iti, ukafuna kukhota ugwiritsa ziti. Chigawo chilichonse chili ndi malikisi ake okhozera. Ukhoza kuphwanya ziwiri n'kugwa chimodzi, walephera yonse, ukabukitsenso n'kulipiranso. Gula buku la K53, lokonzekerera mayesowa, kapena app ya pafoni. Chimagwetsa anthu athu si malamulo, ndi Chingerezi cha mafunsowo. Amalemba mayankho awiri ofanana, kusiyana kwake ndi kamawu kamodzi, "may" ndi "must", kapena amaika "not" pakati. Uziwerenga kawiri.

Madala Phiri: Amachita dala kuti ma foreigner alephere. Kompyuta imadziwa ukalowetsa nambala ya Traffic Register.

Chisomo Randburg: A Phiri, tsiku lomwe ndinalemba ine eni dziko anagwa ambiri kuposa ife. Kompyuta sidziwa za Ntcheu.

Gift Boxer: kkkkk Ntcheu yalakwanji

Che Jafali: China chomwe palibe wanena. Boxer yakoyo ndi 150. A1 imathera pa 125cc, ndi ya ana a sukulu a zaka 16. Kupitirira 125 uyenera kukhala ndi zaka 18, ndipo laisensi yake ndi A. Ndiye tsiku lodzayesa laisensi yeniyeni usadzabwereke ka 125 poti n'kopepuka, adzakupatsa A1 ndipo Boxer udzakhala ukuiyendetsa mosaloledwa. Learner's imakhala miyezi 24. Anyamata ambiri amangokhalira yomweyo, ikatha alembenso, ikatha alembenso. Makampani ena a delivery amafuna laisensi yonse, ndiye funsa bwanayo akuuze bwinobwino kuti akaunti yake ya pa app ya delivery ikufuna chiyani, ndipo ili m'dzina la ndani.

Kondwani Tembisa: Ndi learner's sungayende wekha, pamafunika wa laisensi akhale kumbuyo.

Che Jafali: Zimenezo ndi za galimoto. Pa njinga ndi mosemphana, umayenda wekha, ndipo kunyamula munthu ndi learner's n'koletsedwa. Ngakhale mphunzitsi sakwera kumbuyo kwako.

Gift Boxer: Ndiye Yamikani, alamu aziyenda pansi mpaka upeze A.

Yamikani: Alamu ali ku Balaka achimwene kkk. Koma kuyendetsa ndimatha pang'ono, ndinagwirako kabaza ya msuweni wanga kumudzi.

Aunt Loveness: "Pang'ono." Ambuye tichitireni chifundo.

Che Jafali: Apa ndiye pali nkhani yonse. Boma likupatsa pepala loti ulowe mu msewu lisanakuone utakwera njinga ngakhale kamodzi. Pepalalo silikuphunzitsa kanthu. Kabaza ya ku Balaka umapikisana ndi mbuzi ndi ngolo, kuno upikisana ndi minibasi ya Quantum yomwe imaima paliponse pomwe munthu wakweza chala, osayatsa indiketa. Pali masukulu a njinga omwe ali ndi kosi ya oyamba kumene, theka la tsiku kapena tsiku lonse, pa bwalo lotsekedwa, njinga ndi chisoti ndi zawo. Ndalama yake imawawa, koma ndi yochepa poyerekeza ndi foloko ya kutsogolo ukaipinda sabata yoyamba, poti mwini njinga adzadula kwa iwe. Ukamafunsa, funsa ngati amaphunzitsa kuyendetsa kapena amangokonzekeretsa yard test, mayeso oyendetsa njinga pa bwalo, ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Gift Boxer: Ine sindinapiteko ku sukulu ndipo ndilipo.

Chisomo Randburg: Ulipo ndi chitsulo mu mwendo.

Gift Boxer: Imeneyo inali dizilo! Pa circle, m'mawa, lole inatayira dizilo, ndinangoona kumwamba kuli pansi. Ma pizza a kasitomala mbwee mu msewu, foni ikulira kuti "your order is late". Sukulu ikanachotsa dizilo?

Chisomo Randburg: Ikanakuuza kuti usafinye buleki ya kutsogolo njinga itapendekeka. Yamikani, zomwe anandiphunzitsa ine n'zimene zimandisunga mpaka pano. Kalachi suitaya, umaimasula pang'onopang'ono mpaka umve njinga ikufuna kunyamuka, n'kuigwira pamenepo. Kuyenda pang'onopang'ono ndiye kovuta, kuthamanga aliyense amatha. Mphamvu yambiri yoimitsira ili ku buleki ya kutsogolo, koma umaifinya mochita kuonjezera, osati kuikwatula, ndipo njinga ikhale yowongoka. Ife a kumudzi tinazolowera kuponda ya kumbuyo yokha, tayala limangokhukhuluzika. Maso aziona komwe ukufuna kupita, ukayang'anitsitsa dzenje ulowamo. Mvula ya masana ikayamba, mizere yopentedwa ndi zivundikiro zachitsulo zimaterera, makamaka mphindi zoyambirira. Ndipo bokosi la kumbuyo likadzaza njinga imasintha khalidwe, yeserera nalo lili ndi katundu.

Bambo a Tadala: Nyali ya kutsogolo iziyaka usana womwe, ndi lamulo. Chisoti chomanga lamba, osati chongoveka. Maloboti akazima ndi load shedding pamakhala four-way stop, aliyense amaima kaye, koma usakhulupirire kuti wa taxi akudziwa zimenezo.

Madala Phiri: Njinga siloledwa pa msewu waukulu wa M1.

Che Jafali: Zoletsedwa pa freeway ndi za 50cc kutsika m'munsi. 150 imaloledwa. Koma kuloledwa ndi nzeru n'zosiyana, mphepo ya lole pa M1 ikukankha iwe ndi bokosi lako lomwe. Woyamba kumene adutse m'misewu ya m'kati.

Kondwani Tembisa: Ndipo usiku order ya malo okayikitsa uzikana. Amaitanitsa chakudya dala, ukafika akulanda njinga ndi foni. Mnzanga anamusiya ndi sokosi.

Aunt Loveness: Mwaona? Ndi zomwe ndikunenazi. June akubwera adzadziwanso kuzizira kwa kuno, zala zimauma osamva n'komwe buleki.

Gift Boxer: Nyuzipepala m'kati mwa jekete aunt, magolovesi awiri. Tinapulumuka.

Yamikani: Nanga yard test yo imakhala bwanji? Amakutengera mu msewu?

Chisomo Randburg: Ya njinga yonse imathera pa bwalo, mu msewu simupita. Njinga umabwera nayo wekha, ikhale yabwinobwino, ma indiketa, hutala, magalasi, disiki yamoyo. Pali kunyamuka pa kachitunda osabwerera m'mbuyo, kukhota, kusintha lane, kuima mwadzidzidzi ndi kuzemba mwadzidzidzi. Chachikulu ndi mutu, galasi ndi blind spot, uzitembenuka moti woyesayo aone. Koma zimenezo n'zam'tsogolo, iwe thamangira Traffic Register mawa m'mamawa, ndipo bwanayo umuuze zoona kuti deti ya mayeso siili m'manja mwako. Ukabukitsa muonetse pepala la booking, ena amadikira.

Stevie wa Yeoville: Kapena angoyamba ndi akaunti ya munthu wina, onse amatero.

Bambo a Tadala wachotsa Stevie wa Yeoville pagulu

Gift Boxer: Eee a admin lero adzuka ndi mwendo wa kumanzere.

Che Jafali: Yamikani, Lamlungu masana ndimakhala ndilibe ntchito. Pali bwalo lina kuno ku Mayfair la mnzanga, lotchingidwa, ndimaphunzitsirapo anyamata kalachi ndi buleki asanapite ku sukulu. Ubwere ndi nsapato zotseka, jinzi ndi jekete, osati masilipasi. Mafuta ugula ndiwe. Buku la K53 ndili nalo lakale, zikwangwani zake ndi zomwezo, ukalibweze.

Yamikani: Zikomo kwambiri Che Jafali, ndifika. Zikomonso asisi a Chisomo.

Kondwani Tembisa: Ndiye palibe akubwera ndi basi? Usipa uja ndikunena zoona.

Aunt Loveness: Mlamu wanga afika pa Park Station Lachisanu, koma wanyamula kale ufa wa anthu atatu. Mulankhule naye nokha za kilo.